Mzinda wa Kalonga ndi Maina Ake Atatu

Chaka china ndinapita kukaona ophunzira athu amene anali kuyesa ntchito ya uphunzitsi pa sukulu ina ya m'minda ya tiyi ku Thyolo. Ndinalowa m'kalasi muli phunziro la mbiri ya dziko lathu, ndipo mnyamata amene anali kuphunzitsa anali atajambula pa bolodi nyumba yaikulu ya njerwa, ya malata, ya khonde lozungulira ndi makwerero a pakhomo. Pamwamba pake analemba kuti "Nyumba Yachifumu ya Kalonga", ndipo pansi pake analemba maina atatu: Mankhamba, Manthimba, Maravi. Anauza ana kuti aloweze maina onsewo pamtima. Mtsikana wina wa kumbuyo anaimika dzanja nafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga nyumba imodzi ikhala bwanji ndi maina atatu?" Mphunzitsi anayankha kuti ndi mmene zalembedwera m'mabuku, ndipo phunziro linapitirira.

Mnyamatayo sindimunena, pakuti anaphunzitsa zimene iyenso anaphunzitsidwa. Nyumba imene anajambula inali ya bwana wa pa esiteti, imene ana aja amaiona tsiku ndi tsiku pamwamba pa chitunda pamene makolo awo ali kuthyola tiyi m'munsi mwake. Kwa mwana wobadwira m'makomboni, munthu wamkulu ndiye wokhala m'nyumba yotere. Koma funso la mtsikana uja linali labwino, ndipo linayenera kuyankhidwa. Tsono ndifuna kuti tione pamodzi, inu amene muli kukonzekera ntchito ya uphunzitsi, zimene mabuku athu anena pa maina amenewa, ndi kuyesa ngati anena bwino.

Tiyambe ndi mawu akuti "nyumba yachifumu". Mawu amenewa ndi obwereka maganizo. Tinawapanga pofuna kumasulira zimene tinawerenga za mafumu a ku Ulaya, amene ufumu wawo umaonekera m'makoma a miyala. Makolo athu anali ndi mawu awoawo, ndiwo "mzinda". Masiku ano tikati mzinda timaganiza za Blantyre kapena Lilongwe, koma nkhalamba za Chichewa zidziwa kuti mzinda ndi mudzi umene mwini wake analandira mphamvu yovinira chinamwali ndi kukhala ndi dambwe la gule, ndipo mphamvu imeneyi inali kuperekedwa ndi mfumu yaikulu. Mudzi ukhoza kukhala wa nyumba zambirimbiri koma osakhala mzinda. Mpwitikizi wina, Antonio Gamitto, amene anadutsa m'dziko la Amaravi m'zaka za 1831 ndi 1832 pa ulendo wochokera ku Tete kupita kwa Kazembe, anamva mawu omwewa nawalemba kuti "muzinda", kunena mudzi wokhalamo mfumu. Kutsidya kwa Zambezi Apwitikizi anali kutchula bwalo la Mwene Mutapa kuti "zimbaoe", ndipo kumeneko kuli ndithu makoma a miyala amene aimirira kufikira lero. Kwathu kuno nyumba ya Kalonga inali ya mitengo, dothi ndi udzu, monga ya munthu wina aliyense, ngakhale kuti mwina inali yaikulupo ndi yotchingidwa ndi mpanda. Ulemerero wake unali m'bwalo loweruzira milandu, m'nkhokwe za msonkho, m'minyanga ya njovu imene mafumu aang'ono anali kutula, ndi mwa anthu okhala momuzungulira.

Tikamvetsa zimenezi, theka la funso la mwana uja layankhidwa kale. Nyumba ya miyala imakhala pamalo amodzi ndi dzina limodzi, koma mzinda umasamuka. Mfumu ikafa, kapena nthaka ikaguga, kapena nkhondo ikayandikira, anthu amapasula namanga pena. Taonani za Undi. Mzinda wake wakale unali ku Mano, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. M'zaka za m'ma 1930 Undi anasamukira ku Northern Rhodesia, ndipo lero Achewa a maiko atatu amasonkhana mwezi wa Ogasiti ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, pa mwambo wa Kulamba. Palibe amene amati ufumu unatsala ku Mano chifukwa nsanamira zinatsala kumeneko.

Buku loyamba limene mphunzitsi aliyense ayenera kulidziwa pa nkhaniyi ndi Mbiri ya Achewa, limene Samuel Josiah Ntara wa ku Nkhoma analemba m'zaka za m'ma 1940, ndipo linatembenuzidwa m'Chingerezi mu 1973. Ntara anali mphunzitsi monga ife. Anayenda m'midzi kufunsa akuluakulu pa nthawi imene kunali kukhalabe anthu amene makolo awo anaona masiku otsiriza a ufumu wa Kalonga, ndipo analemba m'chinenero chathu chomwe, kotero kuti maina a malo ndi a anthu anafika papepala osapotoka. Pa ichi chokha ngongole yathu kwa iye ndi yaikulu. Koma bukuli lili ndi chilema chimene mabuku ambiri osonkhanitsa miyambo ali nacho. Zonena za nkhalamba zosiyanasiyana zalukidwa kukhala chingwe chimodzi, ndipo wowerenga sangathe kuona bwino pamene mawu a munthu uyu athera ndi pamene a uyo ayambira. Mbiri ya pakamwa ili ndi eni ake. A Phiri amaikamba mokometsa ufumu, a Banda amaikamba mokometsa umwini wa nthaka, ndipo wolemba akaphatikiza zonse popanda kutiuza wonena, dzina limene fuko lina limalikonda limaoneka ngati lofanana ndi limene linzake limalikonda. Ndiganiza kuti apa ndi pamene panayambira chizolowezi chathu cholemba Mankhamba ndi Manthimba ngati mapasa.

Akatswiri amene anabwera pambuyo pake, makamaka Kings Phiri amene anafufuza miyambo ya Achewa m'zaka za m'ma 1970, anayesa kumasula chingwecho. Monga iwo afotokozera, malo anali awiri oyandikana, kufupi ndi Mtakataka, pakati pa mapiri a Dedza ndi nyanja. Manthimba ndiwo unali mzinda wa Kalonga, wa fuko la Phiri, kumene kunali kuweruzidwa milandu ndi kugawidwa maiko. Mankhamba anali malo a kachisi, kumene a Banda, amene amati ndiwo anayamba kufika m'dzikomo, anali kupempha mvula. Kugawana kumeneku kunalowa ngakhale m'nyumba ya mfumu. Nyangu, mayi wa ufumu, anali wa kwa Phiri, ndipo Kalonga aliyense anayenera kutuluka m'mimba ya mbumba yake. Koma Mwali, mkazi wamkulu wa Kalonga, anali wa kwa Banda. Panalinso akuluakulu ena a maudindo awo: Khombe wotsogolera nkhondo, Mkomba wopha olakwa, ndi Mgawi wogawa malo. Kufotokoza kotere kumandikhutiritsa kuposa kwa Ntara, chifukwa kumatiuza chifukwa chake maina ali awiri. Ufumu wa Amaravi unaima pa miyendo iwiri, wa mkondo ndi wa mvula, ndipo mwendo uliwonse unali ndi popondapo pake.

Komabe nkhani siinathere pamenepo, pakuti nthaka nayo inadzalankhula. Yusuf Juwayeyi, katswiri wofukula zakale, anakumba ku Mankhamba m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipulu, nalemba zimene anapeza mu 2010, ndipo pambuyo pake m'buku lathunthu la mu 2020. Chimene anakumba si maziko a nyumba yachifumu ayi. Anakumba dzala, pamene anthu a m'mudzimo anali kutaya zinyalala zawo kwa mibadwo yambiri. M'dzalamo munatuluka mapale a mbiya za mtundu umene akatswiri amautcha Mawudzu, mafupa a nyama zoweta ndi za m'tchire, zida zachitsulo, zinthu zamkuwa, makoza ndi zidutswa za minyanga ya njovu, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja ya mchere ya Indian, ndiponso zidutswa za mbale zadothi zonyezimira za ku China. Makala a m'menemo atayesedwa anaonetsa kuti pofika zaka za m'ma 1400 anthu anali atakhazikika kale pamalopo.

Tsono lingalirani. Malo amene ali a kachisi okha sakhala ndi dzala lotere. Osema minyanga, osula zitsulo ndi ogula mikanda ya kutali sakhala pamene pali wansembe ndi akazi ochepa osesa pabwalo. Mankhamba unali mudzi waukulu ndi wolemera, ndipo Juwayeyi aona kuti ndiwo uyenera kutchedwa likulu la Amaravi. Umboni wake ndi wolemera, ndipo ine ndiuvomereza pa mfundo yakuti kusiyanitsa kwa "kuno ufumu, uko nsembe" kunali kosalala kuposa mmene moyo umakhalira. Koma pali malire a zimene khasu lingatiuze. Phale la mbiya silinena dzina la mudzi umene linasweka. Khasu litiuza kuti pano panali chuma ndi malonda; dzina la Mankhamba tilidziwa chifukwa anthu a kumeneko alisunga pakamwa. Choncho wofukula sanagonjetse nkhalamba, koma waikonza pena ndi kuitsimikiza pena, ndipo akadapanda kumvera nkhalamba sakadadziwa pokumba.

Dzina lachitatu, Maravi, ndi la mtundu wina, ndipo pano ndipo pali phunziro la chinenero limene lili loyenera magazini athu ano. Palibe Mchewa kapena Mmang'anja amene ananenapo kuti "Maravi". Kumeneko ndi kumva kwa khutu la Mpwitikizi. Inu a ku Thyolo mudziwa bwino za matendawa, pakuti kwa zaka zambiri boma lanu linali kulembedwa "Cholo", ndipo la anansi anu "Mlanje", chifukwa Mzungu sanamve mpweya umene uli mu "thy" ndiponso anameza "u". Momwemonso Apwitikizi analemba Caronga m'malo mwa Kalonga, Rundo m'malo mwa Lundu, Unde m'malo mwa Undi. M'chinenero chathu "l" ndi "r" sasiyanitsa tanthauzo, ndipo liwu lofewa lija la milomo limene ena amalilemba "ŵ" linamveka kwa iwo ngati "v". Mukabweza zilembo ziwirizi m'malo mwake, Maravi asanduka Malawi. Mwana wa Sitandade 5 akhoza kuchita yekha masewera amenewa pa bolodi, ndipo adzakondwa kuona kuti dzina lachilendo la m'buku ndi dzina la dziko lake lomwe.

M'makalata a Apwitikizi a m'zaka za m'ma 1600 dzinali limaoneka m'njira zosiyana. Pena ndi mudzi wa mfumu, pena ndi dziko lonse, pena ndi anthu. Gaspar Bocarro, amene anayenda pansi kuchokera ku Tete kukafika ku Kilwa mu 1616, anachereza kwa mfumu yamphamvu yotchedwa Muzura. Wansembe Luis Mariano mu 1624 analemba za nyanja yaikulu ndi za Maravi pafupi nayo, ndipo Manuel Barreto mu 1667 anatchula Caronga ngati mfumu ya mafumu ya Amaravi. Mabuku a sukulu amakonda kunena mosakayika kuti Muzura anali mmodzi wa a Kalonga ndi kuti mudzi umene Bocarro anafikamo ndi Manthimba. Akatswiri sagwirizana pa zimenezi. Malyn Newitt, polemba mu 1982, anatsutsa zoti Muzura anali Kalonga, ndipo ena amaika mudzi wake cha ku Mwanza ndi Neno, kutali ndi Mtakataka. Mphunzitsi wanzeru asalumikize zimene eni ake a ntchitoyi azisiya zolekana. Chimene tinganene molimba mtima ndi chakuti alendo anali kutchula mzinda wa mfumu yaikulu ndi dzina la anthu ake, monga mmene munthu wa kutali anganenere kuti "ndikupita ku Angoni" osatchula mudzi.

Nanga Malawi atanthauza chiyani? Apa tonse tigwirizana kuti ndi malawi a moto, lawi limodzi, malawi ambiri. Koma moto wake uti? Mafotokozedwe amene ndawamva m'makalasi ndi atatu. Ena amati makolo pofika pamwamba pa mapiri anaona nyanja ili kunyezimira ndi dzuwa ngati moto. Ena amati usiku dziko lonse linali kuwala ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo. Ena amaloza ku moto wa mwambo. Loyamba ndi lokoma m'khutu, ndipo ana amalikonda, koma likhoza kunenedwa za nyanja ina iliyonse pansi pano. Lachiwiri limatikometsa, chifukwa litionetsa ngati mtundu wa amisiri, ndipo n'zoona kuti makasu a Amaravi anali kugulidwa kutali. Koma mitundu yambiri inali ndi ng'anjo ndipo siinatchedwe malawi.

Lachitatu ndilo linafufuzidwa bwino ndi Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa Chikatolika amene anakhala zaka zambiri pakati pa Amang'anja, m'nkhani yake ya mu 1972 yonena za tanthauzo la dzina la Malawi. Iye anaonetsa kuti m'maganizo a makolo athu moto unali chizindikiro cha ufumu wa a Phiri, monga mmene mvula ndi nthaka zinalili za a Banda. Ndipo pali mwambo umene umagwirizana ndi zimenezi. Chaka ndi chaka, m'nyengo ya chilimwe, akuluakulu a banja lachifumu anali kuitanidwa ku mzinda wa Kalonga ku mwambo wa Mlira, wolemekeza mzimu wa Kalonga amene anatsogolera anthu polowa m'dziko lino. Mwambowo unali kutha ndi kutentha tchire la Marimba, limene linatambalala m'mbali mwa nyanja. Taganizani mmene moto umenewo unali kuonekera kwa munthu woima pa mapiri a Dedza, kapena kwa wopalasa bwato usiku. Unali moto woyatsidwa ndi lamulo la mfumu, pa nthawi yoikika, pamaso pa mafumu onse ogonjera. Mwa mafotokozedwe atatuwa, ili lokha ndilo limamangirira dzina ku mzinda weniweniwo ndi ku mphamvu ya mwini wake, ndipo chifukwa cha ichi ndiliyesa lolimba kuposa anzake. Pokhapo ndimdandaula Schoffeleers kuti nthawi zina amakonda zizindikiro kopambana, kotero kuti moto uliwonse wa m'nthano amauona ngati wachifumu, chonsecho makolo athu analinso kutentha tchire pofuna mbewa basi.

Dzinali linagona m'mapu akale a Azungu kwa zaka zambiri, mpaka Dr. Hastings Kamuzu Banda analidzutsa, ndipo pa 6 Julayi 1964 Nyasaland anasanduka Malawi. Iye mwini anali kunena kuti anaona mawu akuti Lac Maravi pa mapu akale a Chifalansa. Motero dzina linachoka pakamwa pa makolo, linalowa m'khutu la mlendo, linakhala papepala ku Ulaya, ndipo linabwerera kwawo litakonzedwa zilembo ziwiri.

Pano ndiyenera kuchenjeza za chizolowezi china chimene chafala pakati pathu, chomasulira maina pongomvera mmene alirira. Pa sukulu yomweyo ya ku Thyolo ndinamva mphunzitsi wina wachikulire akuuza ana kuti Mankhamba achokera ku "kukamba", poti mafumu anali kukambirana milandu pamenepo. Nditamfunsa kumene anazitenga anati zimveka zokha. Tsiku lomwelo mwana wina anandiuza monyadira kuti Thyolo anatchedwa choncho chifukwa anthu amathyola tiyi. Mwanayo anaganiza bwino monga mwana, koma phirilo linali ndi dzina lake tiyi asanabzalidwe, ndipo Azungu olima khofi anali kulemba kale "Cholo" m'zaka za m'ma 1890. Kufanana kwa maliwu ndi chiyambi chabe cha kufunsa. Kuti tivomereze tanthauzo la dzina tifunika kudziwa mmene linali kunenedwera kale, amene analipereka, ndi ngati chinthu chimene tili kulozacho chinalipo pa nthawiyo. Malawi apambana mayeso amenewa chifukwa mawuwo ali amoyo m'chinenero ndipo mwambo wa moto uli ndi mboni. "Kukamba" kwa mphunzitsi uja kulibe mboni ina koma khutu lake. Chimodzimodzinso ndi dzina la Amang'anja, limene ena amalitenga ku "ng'anjo": Bocarro mu 1616 anamva dzina lakuti Manganja likunenedwa za madzi aakulu amene mtsinje wa Shire utulukamo, ndipo mboni yakale chotere iyenera kulemera kuposa kufanana kwa maliwu.

Chilema chotsiriza cha mabuku athu chikhudza ana a ku Thyolo makamaka. Pafupifupi onse amayang'ana ufumu wa Amaravi ataima m'chigawo cha pakati, ndipo mwana wa kumwera amatsala akuganiza kuti mbiri inachitikira kwa eni ake kutali. Chonsecho akaima kumapeto kwa minda ya tiyi cha kumadzulo, pamene dziko litsetsereka kulowa m'chigwa cha Shire, ali kuyang'ana dziko la Lundu, amene anachoka kwa Kalonga nakhazika mzinda wake ku Mbewe ya Mitengo, m'boma la Chikwawa. Ndiye Rundo wa m'makalata a Apwitikizi, amene mphamvu yake inafika kutali cha kummawa mpaka Muzura anamgonjetsa mothandizana ndi Apwitikizi mu 1622. Kumenekonso miyendo iwiri ija ionekera: ufumu ku Mbewe, kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, ndipo miyambo imanena poyera za udani umene unalipo pakati pa mfumu ndi wamvula. Ufumu wa Lundu unaphwanyidwa ndi Makololo amene anabwera ndi Livingstone, m'zaka zomwezo za m'ma 1860 pamene Kalonga wotsiriza, Sosola, anaphedwa ndi Ayao, ndipo boma linaubwezeretsa mu 1969. Ana ambiri a m'makomboni ndi Alomwe, amene agogo awo anaoloka malire kuchokera ku Mozambique kudzagwira thangata, ndipo iwonso ali ndi nkhani yawo ya dzina, pakuti Lewis Bandawe ndi anzake anamenyera m'zaka za m'ma 1940 kuti boma lileke kuwatchula ndi dzina lachipongwe lija la Anguru. Kalasi yotere simufunika kuiuza kawiri kuti dzina lolembedwa ndi mlendo likhoza kusiyana ndi dzina la mwini wake.

Ndisanachoke pa sukulu ija ndinapempha mnyamata wathu kuti abwereze phunzirolo m'mawa mwake. Anafufuta nyumba ya malata, najambula mtsinje, nyanja, midzi iwiri yoyandikana, ndi dzala pambali pa umodzi. Pa mudzi wina analemba Manthimba, pa unzake Mankhamba, ndipo Maravi analemba pamwamba pa zonse, nauza ana kuti asinthe "r" ndi "v" aone chimene chituluke. Mtsikana uja ndiye anayamba kuwerenga mokweza. Kenaka anafunsanso kuti, ngati mbale za ku China zinafika ku Mtakataka, zinadzera njira iti, ndipo ndani anazisenza. Belu linalira mphunzitsi ali kujambula njira ya ku Tete.